Wotchi Inaima Lachisanu

Julius Makina ankakonza mawotchi pakhonde la golosale ina pamsika wa Migowi, ndipo pofika mwezi wa Juni m'chaka cha 2001 ntchitoyo inali itayamba kuzilala. Anthu anali atatengeka ndi timawotchi tapulasitiki ta mabatire, tomwe tikafa amangotiponya kudzala. Masiku ambiri iye ankangokhala atadzikumbatira m'jekete, kuyang'ana chiperoni chikutsika m'phiri la Michesi.

Lachiwiri lina kunafika bambo wina wamfupi, wonunkha utsi wa nsomba, n'kutsamiza pamzati njinga yosenza dengu la matemba. Anati dzina lake ndi Kaliati, ndipo moni usanathe anali atadandaula kale za machubu osalimba, za msewu wa kunyanja ndi za bondo lake. Kenaka anamasula kansanza komwe kanali m'thumba la malaya n'kuika wotchi pathebulo.

Inali wotchi yakale yopukusa ndi zala, yachitsulo, yolemera. Galasi lake linali long'aluka pakati, kamutu kopukusira kanali katathothoka, ndipo lamba wake wachikopa anali wouma gwa, wakuda ndi mwaye. Julius anaitembenuza n'kupukuta kumsana kwake ndi chala. Pansi pa litsirolo panatuluka zilembo zozokotedwa: D. MAKINA.

Anatenga kampeni kake n'kutsegula chivundikiro chakumbuyo, ndipo mkati mwake anapeza zomwe ankaopa: tizilembo tiwiri, J.M., ndi nambala 89, zomwe iye mwini analemba ndi singano ataitsuka wotchiyo komaliza.

Wotchiyo inali ya mkulu wake, Dickson, yemwe anabwera nayo kuchokera kumigodi ya ku Joni. Bambo wawo anamwalira Julius ali wakhanda, choncho Dickson ndiye anamulera, ndipo wotchi imeneyi ndi yomwe anamupatsa kuti aphunzirepo luso, n'kumuuza kuti ikawonongeka palibe mlandu. Koma Dickson anali atamwalira zaka khumi zapitazo. Napolo yemwe anagumula Michesi m'Malichi wa 1991 anamukokolola ali kudimba pamodzi ndi mlamu wake Wilson. Mitembo yawo sinapezeke, monganso ya anthu ena ambiri, ndipo abale anangolira maliro opanda bokosi.

"Mwaitenga kuti imeneyi?" anafunsa Julius.

Kaliati anayankha msanga kuti anaigula kwa mavenda ku Limbe chaka chatha, ndipo anayamba kufotokoza nkhope ya venda uja ndi mtundu wa chipewa chake. Julius anaika lambayo pamphuno. Ankanunkha mlamba wowamba, fungo lomwe linali litalowerera m'chikopa kwa zaka zambiri. Sanamutsutse. Anangomuuza kuti adzabwere Lachisanu la sabata ya mawa.

*

Ntchitoyo inamutengera masiku anayi. Anaphwasula wotchi yonse, kachitsulo kalikonse n'kukaika pambale yoyera, n'kumatsuka timagudumu m'kabotolo ka petulo ndi nthenga ya nkhuku. Choyamba kumudabwitsa chinali ukhondo wa mkatimo. Chaka cha napolo chija anthu anamubweretsera mawotchi angapo otoledwa m'matope, ndipo onse anali odzaza ndi mchenga ndi dzimbiri lomata ngati phala. Iyi inalibe ngakhale kamchenga kamodzi. Munali fumbi louma ndi mafuta akale basi. Wotchiyo sinalowepo m'madzi.

Chachiwiri chinali chomwe chinaiimitsa. Kagudumu kamene kamagunda uku ndi uku kanali katathyoka, ndipo kamtengo kopukusira kanadukira mkati, kopindika. Wotchi yongogwa pansi sithyoka choncho. Iyi inamenyetsedwa mwamphamvu pachinthu cholimba n'kuima nthawi yomweyo, ndipo popanda kamutu kaja palibe akanatha kusuntha mivi yake. Pakazenera kosonyeza tsiku panali 8.

Julius ankaikumbukira sabata imeneyo monga aliyense wa ku Phalombe. Napolo anabwera Lamulungu, pa 10. Lachitatu, pa 6, Dickson anadzacheza naye pakhonde lomweli, wotchi ikuyenda bwinobwino pamkono pake. Ndiye kuti mwina inaima Lachisanu, masiku awiri madzi asanabwere, kapena inkayendabe pamkono wa munthu wina m'miyezi yotsatira. Zonse ziwirizi sizinkagwirizana ndi zomwe anauzidwa pamaliro.

Anafufuza m'chitini momwe ankasungiramo mawotchi akufa mpaka anapeza ina yofanana nayo, n'kuchotsamo kagudumu ndi kamutu. Anaika galasi lina. Lamba sanafune kumusintha. Anamufewetsa ndi mafuta a nsatsi mpaka anayamba kupindika osang'aluka. Atamaliza anapukusa kamutu kaja pang'onopang'ono, ndipo wotchi inayamba kugunda ngati kuti inangogona dzulo. Julius anakhala nthawi yaitali ataiika pakhutu, osaona n'komwe mayi wina yemwe anaima patsogolo pake kufunsa za batire. Kenaka anaivala. Bowo lomwe Dickson ankamangira linali lotanuka, looneka pakati pa anzake, koma kwa Julius linali lokhwepa. Anamangira pabowo lotsatira.

*

Lamulungu anakwera matola kupita kwa Nazombe, komwe Dickson anakwatira. Mkazi wake, Enelesi, ankakhalabe m'nyumba yanjerwa yomwe mwamuna wakeyo anamanga atabwera ku Joni. Julius anamupeza akutong'ola chimanga pabwalo, ndipo pamphasa chapafupi panali mayi ake, a Felista, omwe maso awo anali atachita khungu. Julius atagwada kuti awapatse moni, gogoyo anamugwira dzanja osalisiya, mutu ataupendeketsa.

"Chikulira pamkono panupa," anatero m'Chichewa chawo chokoka cha Chilomwe, "chikulira ngati cha bambo a Eveles."

Eveles anali mwana woyamba wa Dickson. Julius anayang'ana Enelesi. Chitsononkho chinali chitagwa m'manja mwake, ndipo maso ake anali pawotchi.

A Felista sanadikire yankho. Anayamba kumuuza, monga ankauzira mlendo aliyense, kuti mvula ikatha chaka chilichonse amapempha anthu opita kumadimba kuti aziyang'ana m'mphepete mwa mtsinje, mwina madzi n'kufukula ngakhale fupa limodzi la Wilson wawo. Anati sakufuna zambiri, akungofuna poti azikaloza.

Enelesi anaimirira n'kupempha mlamu wakeyo kuti akaone nkhokwe yomwe inkapendekeka. Atafika kuseri kwa nkhokweyo, Julius anamufunsa kuti amukumbutse za tsiku lomaliza la Dickson. Enelesi anati anthu awiriwo anadzuka Lamulungu m'mawa, mvula ikugwa, n'kupita kudimba kukatsegula ngalande, ndipo sanabwerenso. Mawu ake anali omwe aja a pamaliro, osasintha ngakhale limodzi, ngati pemphero loloweza.

Julius anavula wotchi n'kumuonetsa dzina lakumsana. Anamufotokozera za mchenga womwe munalibe, za kagudumu kothyoka ndi za tsiku la pakazenera. Analankhula motsitsa mawu, osamuloza chala.

"Alamu, wotchi iyi inafa Lachisanu. Inu mukuti mwini wake anatuluka m'nyumba Lamulungu. Mmodzi wa inu akunama, ndipo chitsulo sichidziwa kunama."

Enelesi anakhala pansi, n'kutsamira mwendo wa nkhokwe. Atayamba kulankhula ankayang'ana zala zake zakumapazi.

Anati awiriwo anachoka Lachisanu masana. Anali atakangana kwa mwezi wathunthu chifukwa cha munda wam'mwamba, wa m'tsinde mwa phiri, womwe Dickson anautsegula yekha, kuzula zitsa ndi kusuntha miyala kwa zaka zitatu. Wilson, monga mwini mbumba, anafuna kuupereka kwa mlongo wake wina, ndipo ananena pamaso pa anthu kuti mkamwini pamudzi pa eni ake chake n'thalauza lomwe anabwera nalo. Tsiku limenelo anagwirizana zokaona malire. Wilson, chimunthu chachitali chosachedwa kupsa mtima, ananyamula chikwanje. Dickson, wamfupi ndi wofatsa, anapita chimanjamanja. Palibe anabwerako. Loweruka m'mawa Enelesi anapeza kuti njinga ya Wilson yasowa pakhonde pake, ndipo mtima wake unamuuza zonse: mchimwene wake wapha mwamuna wake n'kuthawa. Enelesi anauza mayi ake kuti awiriwo agonera kudimba kulondera mpunga. Lamulungu phiri linagumuka, ndipo bodzalo linapeza pobisala.

"Ndikanatani, alamu? Mwamuna ndamutaya, ndiye ndiperekenso mwana wa mayi anga kuchingwe?"

Julius anamanganso wotchi pamkono. Atayamba kuchoka, Enelesi anamuitana chapansipansi.

"Mukamupeza Wilson, mumufunse komwe anataya mwamuna wanga. Zina zonse mumusiyire Mulungu."

*

Kaliati anafika Lachisanu monga anagwirizana, akuseka, dzanja atatambasula kale. Julius anamuonetsa wotchi ikuyenda, n'kumuuza kuti mwini wake anaphedwa, ndipo asankhe yekha ngati afotokoze pakhonde pomwepo kapena kupolisi. Kuseka kunathera pomwepo.

"Bwana, ine ndi matemba basi. Za milandu ine ayi, shuwa. Muitenge, sindikuifunanso."

Za ku Limbe zija anavomera kuti linali bodza. Anati wotchiyo anapatsidwa ndi bambo wina wowamba nsomba padooko lina la nyanja ya Chilwa, yemwe anthu ankamutcha a Nickson. Bamboyo anachokera cha ku Mozambiki zaka zingapo zapitazo, analibe mkazi, analibe m'bale, ndipo chifuwa chinali chitamudya mpaka kumalavula magazi. Kaliati anamunyamulapo kawiri panjinga kupita naye kuchipatala, ndipo wodwalayo anamuthokoza ndi wotchiyo. Anangomulamula zinthu ziwiri: asanene komwe waitenga, ndipo akaikonzetse ku Migowi, kwa Makina, osati kwina kulikonse.

Julius sanakayike kuti a Nicksonwo anali Wilson. Munthuyo anapha mkulu wake, n'kumuvula wotchi, ndipo patatha zaka khumi akumutumizira kuti amukonzere. Sanadziwe ngati kunali kulapa kapena chipongwe. Anatseka bokosi la zida, koma kampeni kotsegulira mawotchi anakaika m'thumba la jekete, osadzifunsa chifukwa chake.

*

Ananyamuka ndi Kaliati Loweruka m'mawa, aliyense panjinga yake, kudutsa chigwa chonse, minda ya mpunga yokololedwa kale ili mbuu mbali zonse. Anafika padooko dzuwa lili pamutu, ngakhale silinkaoneka chifukwa cha mitambo. Mphepo inkawomba utsi wa mauvuni a nsomba m'maso mwa anthu. Kaliati analoza kachisakasa kanjedza kumapeto kwenikweni, pafupi ndi madzi, n'kunena kuti iye akadikira komwe kuli njinga.

Julius anawerama polowa. Mkati munali mdima ndi fungo la matenda. Pamphasa panagona munthu wofunda chiguduli, nkhope italoza kukhoma, ndipo miyendo yake sinkafika n'komwe kumapeto kwa mphasayo. Wilson anali wamtali. Julius anaona zimenezo, koma mutu wake unakana kuzilandira.

"Wilson," anaitana, dzanja lili m'thumba.

Munthuyo anakhosomola, n'kutembenuka movutika. Tsitsi linali loyera, masaya olowa, mano apatsogolo atatha. Koma pamwamba pa diso lakumanzere panali chipsera cha mwala wa mumgodi, chomwe Julius ankachidziwa kuyambira ali mwana.

"Wachedwa, mng'ono wanga," anatero Dickson. "Ndimayesa ufika sabata yatha."

Julius anangokhala padothi pomwepo. Anali atamulira munthuyu zaka khumi. Mwana wake wamwamuna anamutcha Dickson. Tsopano anali patsogolo pake, akupuma, ndipo Julius sanapeze chimwemwe paliponse m'thupi mwake, chifukwa funso lomwe anabwera nalo linali litatembenuka.

"Achimwene, Wilson ali kuti?"

Dickson anafotokoza modukizadukiza, akupumira pakati. Anati atafika kumunda kuja Wilson anayenda m'malire monse akuloza ndi chikwanje, kenaka anachiika pansi n'kuyamba kuseka, kunena kuti ngakhale nyumba yanjerwa ija tsiku lina adzagonamo mwamuna wina. Wilson atatembenuka kuti azipita, Dickson anatola mwala.

"Sanandiopseze. Usadzauze anthu kuti anandiopseza. Chikwanje chinali pansi, ndipo iye anali atandifulatira."

Anamumenya kawiri. Kachiwiriko mkono wake unagunda thanthwe, wotchi n'kusweka. Mtembo anaukokera m'dzenje lakale lootcheramo makala, kumtunda kwa munda, pafupi ndi mkuyu waukulu, n'kuukwirira ndi dothi ndi miyala. Anatenga njinga ya Wilson n'kuwolokera ku Mozambiki, komwe kunali nkhondo ndipo munthu wopanda kwawo sankafunsidwa mafunso. Kumeneko ndi komwe anamva za napolo, n'kumvanso kuti iye ndi Wilson awerengedwa pamodzi ndi akufa. Anaganiza kuti Mulungu wamubisa. Patapita zaka anazindikira kuti anangomutsekera kunja.

Anati madzi sanafike pamkuyu paja. Anafunsa kwa amalonda ochokera kwa Nazombe, omwe anamuuzanso kuti a Felista akadali moyo ndipo akufunabe fupa la mwana wawo. Miyendo yobwerera analibe, nkhope yoonetsa anthu analibenso. Kalata sakanatha kuilemba. Koma ankadziwa kuti Julius akaitsegula wotchiyo adzaiwerenga.

Anatambasula dzanja, ndipo Julius anavula wotchi n'kumupatsa. Dickson anaiika pakhutu, maso atatseka.

"Wakonza bwino," anatero, n'kuibweza. "Uzivala ndiwe. Nanga amayi?"

Julius anamuuza zoona: kuti mayi awo anayenda m'mphepete mwa mitsinje zaka ziwiri, ndodo ili m'manja, kufukula mchenga paliponse pomwe anamva kuti paoneka nsanza, ndipo anamwalira m'chaka cha 1993 akutchula dzina la Dickson. Wodwalayo anatembenukiranso kukhoma. Mapewa ake ankagwedezeka, koma mawu sanatuluke.

Julius anakhala naye mpaka anasiya kugwedezeka. Kenaka anamuuza kuti akupita kupolisi.

"Pita," anatero Dickson osatembenuka. "Pano sindichoka. Uwauze abwere ndi chondinyamulira."

*

Apolisi anamupeza Dickson pomwepo Lolemba. Patatha masiku atatu anamunyamula pamachira kukwera naye m'tsinde mwa phiri, mudzi wonse ukutsatira m'mbuyo mwakachetechete. Analoza malo ndi chibwano. Anyamata a mudziwo atachotsa miyala anapeza mafupa aatali, chitsulo cha lamba wa thalauza ndi nsapato zapulasitiki zomwe sizinawole. Enelesi anaima chapatali. Machira atadutsa pafupi naye, Dickson anayesa kudzutsa mutu, koma mkaziyo anayang'ana kumbali mpaka anamupitirira.

Mlandu sunafike kukhoti. Dickson anamwalira patatha sabata zisanu ndi ziwiri ali m'manja mwa boma, ndipo Julius anakamuika kwawo ndi anthu osakwana khumi. Wotchi ija, yomwe anaitenga ngati umboni, apolisi anamubwezera Julius, ndipo anapitiriza kuivala, ngakhale anthu pamsika ankaiyang'ana n'kumanong'onezana.

Maliro a Wilson ndiwo anali ndi anthu ambiri. Julius anapita, ngakhale mkazi wake anamuletsa, ndipo anakhala kumapeto kwa amuna, komwe aliyense anamusiyira malo aakulu mbali zonse. Bokosi lisanatsekedwe a Felista anapempha kuti awafikitse pafupi. Anapisa dzanja n'kusisita mafupawo limodzilimodzi, pang'onopang'ono, ngati akusambitsa khanda, kenaka anauza anthu kuti atha kutseka.

Kumanda, adzukulu atayamba kukwirira, Enelesi anabwera n'kuima pambali pa Julius. Maso ake anali ouma.

"Zaka khumi ndakhala ndikudana ndi mchimwene wanga," anatero, akuyang'ana m'dzenjemo. "M'mapemphero sindinkamutchula. Chithunzi chake ndinachiotcha. Misozi yonse ndinathera pa amene anamupha. Lero mukuti ndisinthanitse, alamu. Ndiyambire pati?"

Mdzukulu wina anali atatopa, ataima n'khasu m'manja, ndipo panalibe wolandira. Julius anavula jekete, n'kutambasula dzanja. Munthuyo anayang'ana kwa akuluakulu a mudziwo. Kenaka Enelesi anagwedeza mutu movomereza, ndipo mdzukuluyo anamupatsa Julius khasulo.